Tiyi wa jinja, mandimu ndi lumanda mu June muno

Kuzizira kwa June kuno ku Lusaka sikufuna tiyi wamadzimadzi ayi. Pitani ku Soweto Market mukagule jinja wamuwisi, mandimu, sinamoni wa timitengo, uchi mukaupeza tengani.

Jinja musamuponye mu kapu basi, mumusinje kaye kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu, muwiritse mu poto mphindi 10 mpaka madzi asanduke achikasu ndipo fungo lidzaze khitchini yonse, kenako phulani ndiye muikemo masamba a tiyi. Akhale mphindi 3 kapena 4, akapitirira amawawa ndipo shuga sangakuthandizeni. Masamba a ku Kawambwa kapena a ku Thyolo onse amagwirizana naye bwino jinja.

Mandimu ndi mkaka osaphatikiza chonde, mkaka umadukaduka. Sankhani chimodzi. Ine wa mkaka ndimaukonda ndi sinamoni, wa mandimu ndi uchi, koma uchiwo ikani tiyi atazizirako pang'ono.

Rooibos, tiyi wofiira wa ku South Africa, alibe caffeine yemwe amathawitsa tulo nde ndi wabwino madzulo, ndipo ngakhale mumuiwale pa mbaula sawawa.

Wina amene anthu amamuphonya ndi wa lumanda, ku Malawi amati chidede. Masamba timadyera nsima, koma timakoko tofiira tija tikauma mutinyike m'madzi otentha, amafiira piriwiri, owawasa bwino. Ikani shuga, muziziritse mu fuliji, October akafika mudzamwa tsiku lililonse.

Poyesa sinthani chinthu chimodzi pa kapu, ndipo lawani musanaike shuga kuti mumve kusiyana kwake.