Bwana akamakuzunzani kuntchito, yambani kulemba

Amayi anzanga, ngati bwana kapena mnzanu wa kuntchito amakukalipirani pagulu, kukugwiragwirani kapena kukutumizirani mauthenga achipongwe usiku, gulani kabuku kakang'ono lero lomwe. Zikangochitika, lembani tsiku, nthawi, malo, mawu enieni amene wanena, ndi amene analipo. Kabukuko kazikhala kunyumba, osati pa desiki ya ku ofesi.

Mauthenga a pa WhatsApp musafufute, ngakhale akukunyansani bwanji. Jambulani screenshot n'kudzitumizira pa imelo yanuyanu. Foni imatayika, ndipo imelo ya kampani amatha kuitseka tsiku limodzi.

Ine ndinatha miyezi isanu ndikungolirira kubafa. Nditakadandaula pakamwa kwa a HR, omwe amaona za ogwira ntchito pakampani, anati, "Mwina simunamumvetse bwino." Nditabwererako ndi masamba anayi a madeti pamodzi ndi kalata, n'kupempha kuti adinde chidindo pa kope langa, anaitanitsa msonkhano sabata yomweyo. Zolembedwa n'zovuta kuzikana.

Akuluakulu akaikhalira nkhaniyo, pitani nayo ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wachibadwidwe wa anthu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo wolakwa akhoza kulipira K1,000,000 ndi kukakhala kundende zaka 5.