Momwe mungasankhire nthawi yopuma pa ntchito ya boma ndi kulandira penshoni yanu

Choyamba dziwani gulu lomwe muli, chifukwa ogwira ntchito m'boma sali onse pa ndondomeko imodzi. Amene anali ndi zaka 35 kapena zochepera mu July 2017, pamodzi ndi olembedwa ntchito pambuyo pake, amasonkha mwezi ndi mwezi ku thumba la penshoni la Public Service Pension Trust Fund: wantchito 5 peresenti ya malipiro, bwana osachepera 10 peresenti. Achikulire anatsala pa ndondomeko yakale, yomwe boma limawerengera gratuity (ndalama yolandira nthawi imodzi popuma) ndi penshoni potengera zaka zomwe mwagwira komanso malipiro anu. Onani pa payslip ngati pali ndalama yodulidwa ya penshoni, kapena funsani a HR (oona za ogwira ntchito) ku ofesi kwanu.

Kenako sankhani chaka. Msinkhu wopumira m'boma ndi zaka 60, koma mutha kupempha kupuma msanga mukakwanitsa zaka 20 pa ntchito. Apa ndi pomwe ambiri amapupuluma. Mphunzitsi wa ku Ndirande amene akuyembekezera kukwezedwa giredi chaka chamawa, akachoka lero ndiye kuti penshoni yake ya moyo wonse iwerengedwa pa malipiro otsika. Kwa omwe amasonkha, chaka chilichonse chowonjezera chimakulitsa thumba komanso phindu lake. Lamulo la penshoni la 2023 limalola kutenga mpaka theka la ndalamazo nthawi imodzi popuma, m'malo mwa 40 peresenti yakale. Zotsalazo muzilandira mwezi ndi mwezi.

Musathamangire kutenga chochuluka musanakonze kopita nacho. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama yongogona ku akaunti imasungunuka. Ngati mukufuna kumalizira nyumba ku Machinjiri kapena ku Chileka, dziwiranitu mtengo wa simenti ndi malata, mupeze ndi mmisiri, ndalama isanalowe.

Fayilo yambani kuikonza kutatsala chaka chathunthu. Sonkhanitsani kalata yolembedwa ntchito, kalata yokhazikitsidwa, makalata onse okwezedwa giredi, payslip yomaliza, chitupa cha unzika ndi nambala ya akaunti yomwe ikugwira ntchito. Jambulitsani chilichonse kawiri, musunge zanu kunyumba. Fayilo imachoka ku ofesi kwanu kupita ku unduna wanu ku Lilongwe, n'kudutsa ku Department of Human Resource Management and Development, kwa owerengera ndalama za boma, kenako kwa Accountant General, mkulu wolipira ndalama za boma. Pepala limodzi likasowa, yonse imabwerera.

Chomwe chimakoletsa mafayilo ambiri ndi tsiku lobadwa. Ngati pa chitupa munalembetsa 1966 pomwe polowa ntchito munalemba 1965, kapena dzina linasintha mutakwatiwa, konzani zimenezi mukadali pa ntchito. Kukonza mutapuma kale ndi ulendo wa basi wosatha. Ngongole za boma zomwe simunamalize zimadulidwanso pa gratuity, choncho funsani zotsala.

Sunganinso ndalama yodyera miyezi ingapo, poti malipiro amaima pomwe penshoni siyamba tsiku lomwelo, ndipo mpata umenewu ndi umene umagwetsa anthu m'manja mwa akatapila. Fomu ya olandira ndalama mukamwalira ilembeninso ngati m'banja mwabadwa ana kapena ukwati unatha.