Momwe mungasinthire damper ya petulo pa injini ya ma injector

Mukatsegula boneti n'kumva fungo la petulo koma pansi pa galimoto pali pouma, musafulumire kuimba mlandu ma injector. Yambani mwayang'ana paipi yachitsulo ija imene ma injector onse amamwamo, imene amakaniko amati rail. Pa injini zambiri, polowera mafuta mu rail kapena kumapeto kwake pamakhala kachitsulo kozungulira, kena kovala chipewa cha pulasitiki. Kameneko ndi fuel pulsation damper. Ine ndinasinthapo yanga, ndipo ntchito yosapitirira ola limodzi inandidyera masiku awiri chifukwa cha ma washer awiri basi.

Muyambe mwadziwa chimene kamagwira. Pampu ya m'thanki imakankha petulo pa pulesha ya bar 3 mpaka 4 pa injini wamba. Injector iliyonse ndi kampopi kamagetsi kamene kamatseguka n'kutsekeka mwachangu kwambiri. Injini ya masilinda anayi ikamazungulira ka 3000 pa mphindi, injector imodzi imatseguka ka 25 pa sekondi, zonse zinayi pamodzi ka 100. Ngati munatsekapo mpopi wa madzi mwadzidzidzi n'kumva paipi ikugunda m'khoma, ndi zomwezo zimene zimachitika mu rail, kungoti kuno sizilekeza. M'kati mwa damper muli kachikopa ka labala ndi sipulingi kumbuyo kwake. Pulesha ikalumpha, labala uja amabwerera m'mbuyo n'kupereka malo; ikagwa, sipulingi imamukankha n'kubweza mafuta aja.

Chifukwa chake n'chakuti kompyuta ya injini siyeza petulo ndi chikho. Imangowerenga nthawi imene injector yakhala chitsegukire, timamilisekondi tochepa, poganiza kuti pulesha ili pamodzimodzi. Pulesha ikamavina, silinda ina imamwa ochuluka, ina ochepa. Ndiye mumaona injini ikunjenjemera poima, nthawi zina mumamva kugogoda kwa tiki tiki kochokera m'mapaipi a pansi pa galimoto, ndipo makina oyezera akhoza kukupatsani P0171, kutanthauza kuti mafuta akuchepa poyerekeza ndi mpweya. Koma chimene chimandiopsa ine si zimenezo. Labala akakalamba amang'ambika, petulo n'kumatulukira pamwamba pa injini yotentha. Pamenepo ndi nkhani ya moto.

Musaisokoneze ndi regulator, chifukwa zimafanana nkhope. Regulator ndi imene imaika mulingo wa pulesha, ndipo pa galimoto zakale imakhala ndi paipi yobweza mafuta ku thanki. Damper ilibe paipi yobweza. Pa galimoto zopanda paipi yobwezayo, regulator nthawi zambiri imakhala m'thanki momwe, ndiye chimene mwachiona pa rail kawirikawiri ndi damper.

Chenjezo limodzi: ngati injini yanu ndi ya direct injection, imene imapopera petulo m'silinda mwenimwenimo, zimene ndikulembazi si zanu. Kumeneko pulesha imafika bar 200 kapena kupitirira, ndipo damper imakhala m'kati mwa pampu yoyendetsedwa ndi camshaft. Siyirani wodziwa.

Choyamba, tsimikizani kuti ndi iyodi. Injini ikhale yozizira. Pukutani pozungulira damper paume, tembenuzani kiyi pa ON osaliza injini kuti pampu idzaze rail (mvetserani ngati ikulira, chifukwa si galimoto zonse zimene pampu imalira kiyi ali pa ON), bwerezani katatu, kenako gusani pansi pake ndi pepala loyera. Likanyowa, nunkhizani. Ngati ili ndi chipewa cha pulasitiki, chivuleni. Mukapeza petulo m'kati mwa chipewa, labala wapita. Pa injini zambiri zakale za Toyota, pakati pa damper pali kasikuluwu kamene kamatukuka mu rail mukakhala pulesha. Kameneko si kochunira, musakapotokole. Amene muli ndi geji ya mafuta, ilumikizeni: muvi ukamanjenjemera kwambiri injini ikulira poima, ndi chizindikiro china.

Chachiwiri, chotsani pulesha. Zulani fyuzi kapena relay ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, yesaninso kuiliza masekondi angapo. Tsegulani chotsekera cha thanki, masulani waya wa negative pa batire. Chitirani panja pamene pali mphepo, fodya kutali, chozimira moto pafupi, magalasi kumaso. Kulungani nsanza pozungulira damper musanamasule, chifukwa petulo wotsalira amatulukabe.

Chachitatu, masulani. Mitundu yake ndi iwiri. Ina imangolowa m'bowo ndi O-ring (kalabala kozungulira kotseka mpata) n'kugwidwa ndi tibawuti tiwiri kapena kakilipi. Ina ndi yamazinga, imadutsa m'mphete ya paipi yobweretsa mafuta n'kumangika mu rail, ndipo pamwamba ndi pansi pa mpheteyo pamakhala washer. Yanga inali yamtundu wachiwiriwu. Ikani sipanala pamalo ake a makona asanu ndi limodzi, osati pachitini chozungulira, ndipo gwirani paipi ndi dzanja lina kuti isapotoke.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Mukangochotsa, ikani ma washer awiri aja pa nsalu m'mene anakhalira, wam'mwamba pamwamba, wam'munsi pansi, ndipo ajambuleni ndi foni. Ine sindinatero. Ndinawaona ngati ofanana, ndinawaponya m'chitini cha mabawuti. Wogulitsa zipangizo anandipatsa damper yopanda ma washer, n'kutapa awiri amkuwa m'bokosi lake, nati onse ndi saizi imodzi. Ndinamanga bwinobwino, sipanadonthe kanthu, koma injini inkalira pang'ono n'kuzima, ndikaponda moto inkatsamwa. Ndinayamba kukayikira pampu, ndinasintha sefa ya mafuta imene inalibe vuto, ndinafika poganiza zotsitsa thanki.

Tsiku lachiwiri ndinakhuthula chitini chija n'kuyang'anitsitsa washer wakale padzuwa. Wam'mwamba sanali wamba. Bowo lake ndi lalikulupo, ndipo m'kati muli timano timene timamugwiriziza pakati, pakati pa timanoto pali mipata. Mipata imeneyo ndiye njira ya petulo: amachoka m'mphete ya paipi, amakwera kudzera m'mipatayo kulowa mu damper, kenako n'kutsikira mu rail. Washer wosalala amene ndinaikapo anali atatseka njirayo, mafuta ankangodutsa modontha. Si injini zonse zili choncho, koma ngati yanu ili ndi washer wamano, palibe wina angalowe m'malo mwake.

Ndipo musabwezere akale. Ndinayesanso zimenezo podikira atsopano. Washer wotere amaphwanyika kamodzi kuti atseke mpata. Ukamubwezera amachucha, ukamanga mwamphamvu kuti asiye umaika pachiswe mazinga a mu rail, makamaka ikakhala ya aluminiyamu. Ma washer ndi otchipa kwambiri pa ntchito yonseyi, pamene rail yodyeka mazinga ndi ndalama zambiri. Gulani ndi nambala ya injini yanu, ndipo muwaone ndi maso musanalipire.

Za damper yeniyeniyo, samalani ndi zakale zozula pa injini zophwasula. Labala wake ali ndi zaka zofanana ndi wanu amene wang'ambikayo. Ena amazitsuka n'kuziika m'kabokosi kooneka katsopano. Yang'anani pamakona a sipanala, mukaona zipsera dziwani kuti inamangidwapo. Palinso amakaniko amene angakuuzeni kuti ichotseni, mumange bawuti wamabowo basi, galimoto iyenda. Iyendadi. Koma kugunda konse kuja kudzapita ku ma injector, ku mapaipi ndi m'malumikizidwe, ndipo amene anakonza injiniyo sanaikepo damper ngati chokongoletsa. Ine njira imeneyo ndimaikana.

Chachinayi, mangani yatsopano. Pukutani pokhala ma washer pasakhale kamchenga ngakhale kamodzi. Yambani ndi zala, ilowe mofewa mazinga angapo musanagwire sipanala. Ikalimba msanga, bwezani, yapingasa. Mulingo womangira uli m'buku la galimoto yanu, utsatireni ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Ngati yanu ndi ya O-ring, pakani O-ring watsopano kadontho ka oyilo woyera wa injini, kankhani mowongoka osapotokola.

Zotsalazo n'zachidule. Bwezerani fyuzi, waya wa batire ndi chotsekera thanki. Kiyi pa ON katatu osaliza, gusani ndi pepala louma. Pakakhala pouma, lizani injini, idzachedwa pang'ono kugwira chifukwa mu rail munalowa mpweya. Isiyeni itenthe, zimitsani, gusaninso. Fufutani P0171 ngati inalipo. M'mawa mwake, injini itazizira, tsegulani boneti musanalize, mununkhize, ndipo mupititsenso pepala pansi pa mphete ija.