Kakonzedwe ka sewero la m'mudzi pa kafukufuku wa Masters m'madera olima tiyi a Mulanje ndi Thyolo

Musanalembe mzere uliwonse wa sewero, pezani zilolezo. Yambani ndi komiti yoona za kafukufuku ya yunivesite yanu (ku University of Malawi ndi UNIMAREC), kenako kalata ya kwa DC ku Mulanje kapena Thyolo, ndiye kwa T/A, gulupu, nyakwawa ndi VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi). Mukadumpha gulupu, pabwalo mudzangopeza ana okhaokha.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri, anthu amakhala akuthyola m'maesiteti kapena ali kumunda. Ndi bwino kudikira Ogasiti kapena Seputembala, chiperoni chitachepa, cha m'ma 2 koloko masana. Pewani tsiku la msika, ndipo kukagwa maliro imitsani zonse.

Khalani m'mudzimo milungu iwiri mukungomvetsera. Amayi, abambo ndi achinyamata muzikumana nawo padera, anthu 8 mpaka 10 pa gulu, chifukwa pamaso pa amfumu mnyamata sangatchule za kuchepa kwa minda. Mawu awo alembeni momwe atulukira, a Chilomwe omwe.

Sewerolo litsate njira ya Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil: vuto limodzi, mphindi 15, ndipo lithe zinthu zitaipiratu. Osewera akhale am'mudzi momwemo, asanu ndi mmodzi akwana. Sewero likatha, wotsogolera afunse oonerera za mmodzi wa anthu a m'seweromo, monga kuti, "Mukadakhala mayiwa, mukadatani?" Woyankhayo asangolankhula ali pansi, alowe m'bwalo asewere yekha ganizo lakelo, enawo amuvute monga zimakhalira kunyumba. Ophunzira ambiri amagwa pano. Anthu akakhala chete pang'ono, wotsogolera amachita mantha n'kupereka yankho lake, sewero n'kusanduka ulaliki. Dikirani, kapena funsani mbali ya amayi kaye.

Sinthani mayina ndi malo. Mkangano wa malire ukazindikirika kuti ndi wa banja lakutilakuti, inu mudzabwerera ku Zomba koma iwo adzatsala akuyang'anana ndi diso lofiira.

Poitanira anthu gule wa tchopa amagwira ntchito, koma gwirizanani za ndalama ndi ovinawo zisanachitike. Musajambule munthu asanavomere, ndipo amene salemba adinde chala pafomu. Pakatha mwezi bwererani kwa VDC mukafunse zomwe zachitika pa mfundo zomwe anthu anagwirizana pa sewerolo, chifukwa oyesa pepala lanu adzafuna zimenezo, osati kuchuluka kwa anthu omwe anaseka.