Musanagule mawindo a double glazing, yambani kaye ndi denga

Abale amene mukumanga kuno ku Chipata, makamaka inu amene achibale a ku UK akukuuzani kuti muike double glazing, tamvani kaye.

Double glazing ndi windo la magalasi awiri omatidwa pamodzi, pakati amasiyapo kampata ka mamilimita 12 mpaka 16 momwe muli mpweya wouma kapena gasi wa argon, ndiye kutentha sikudutsa msanga, ngati mmene fulasiki imasungira tiyi. Ku Britain kumazizira miyezi yambiri, nyumba zawo zambiri ndi za njerwa, khoma lapawiri lokhala ndi mpata pakati pomwe amathiramo zotchinga kuzizira, ndipo pamwamba pa siling'i amayalapo mineral wool, chotchinga kuzizira chooneka ngati thonje, wokhuthala pafupifupi mamilimita 270. Ku America ambiri amamanga ndi matabwa, fibreglass (yonga thonje, yopangidwa ndi timaulusi ta galasi) amailowetsa pakati pa matabwawo n'kutseka ndi mabodi otchedwa drywall. Ngakhale manambala oyezera mmene chinthu chimatchingira kutentha amasiyana, ku Britain amaona U-value, ikachepa ndiye bwino, ku America ndi R-value, imeneyo ikachuluka ndiye bwino. Wogulitsa akatchula nambala mufunseni kuti ndi iti.

Manje ife vuto lathu ndi October, ndipo moto wambiri umalowera pa malata. Kwezani dzanja pafupi ndi lata cha m'ma 2 koloko masana mumve nokha. Ndiye ndalama yoyamba ipite kudenga. Pokhoma malata uzani amisiri ayale foil yonyezimira ija pansi pake, koma asiye mpata wa mpweya kumbali yowalayo, ikagundana ndi zinthu mbali zonse ntchito yake imachepa kwambiri. Kenako siling'i, ndipo thumba likalola yalani fibreglass pamwamba pake, valani magolovesi ndi chotseka pamphuno chifukwa imayabwa zoopsa. Siyaninso timabowo kumapeto a denga kuti mpweya wotentha uzituluka, muikepo sefa mileme ndi makoswe zisalowe. Malata akuda amaoneka bwino inde koma amamwa dzuwa, sankhani owala.

Mawindo oyang'ana kumadzulo atchingeni ndi khonde kapena mtengo wa mango, chifukwa dzuwa likamenya galasi mwachindunji limalowabe olo magalasi akhale awiri.

Double glazing ine ndinganene kuti igulidwe pa chipinda chomwe muli air conditioner, kapena ngati nyumba ili m'mbali mwa Great East Road pomwe mathiraki sagonetsa, phokoso imachepetsadi. Yezani windo kawiri musanaode chifukwa galasi limeneli silidulidwa likafika, limabwera lomata kale. Onani kuti felemu ili ndi rabala yotseka bwino mbali zonse, ndipo mukaona nthunzi kapena timadontho mkati mwa magalasi awiriwo musalandire, ndiye kuti chomatira chinabooka kale.