Kaphikidwe ka Mphete za Anyezi Zokukutika mu Air Fryer

Mabanja ambiri muno m'Chipata amene anagula air fryer amaigwiritsa ntchito pa chipisi, soseji ndi nkhuku, ndipo zimenezi zimapsa bwino popanda kuvutitsa. Mphete za anyezi ndizo zimagwetsa anthu ulesi, chifukwa kawirikawiri zimatuluka zolobodoka, zina ufa uli mbuu pamwamba, zinanso chokutira chake chonse chitayenderera n'kukakamira pansi pa basiketi. Makinawo alibe mlandu. Chimene chimalakwika n'chakuti wophika amatenga njira yokazingira m'mafuta ambiri n'kuibweretsa m'chiwiya chimene chimapsereza chakudya mwa mtundu wina, ndipo munthu akamvetsa kusiyana kumeneku, zotsala zonse zimakhala zosavuta kutsata.

Air fryer ndi kauvuni kakang'ono kamene kali ndi chitsulo chotentha pamwamba ndiponso fani imene imaomba mpweya wotenthawo mwamphamvu mozungulira chakudya. Kampani ya Philips ndiyo inatchukitsa makinawa itawaonetsa pa chionetsero cha zipangizo zamagetsi cha IFA ku Berlin mu 2010. Mukaponya phala la vitumbuwa m'mafuta otentha, mafutawo amaligwira mbali zonse nthawi imodzi, kunja kwake kumalimba pompo ndipo chitumbuwa chimasunga maonekedwe ake. Mpweya sungachite zimenezo, pakuti umapereka kutentha pang'onopang'ono, choncho phala lamadzimadzi limayamba kudontha lisanagwire. Onjezanipo mfundo yakuti anyezi mwini wake ndi madzi pafupifupi magawo 89 pa 100 alionse, ndipo akatenthedwa amatulutsa nthunzi imene imanyowetsa chokutira kuchokera m'kati. Kufiira kokoma kuja kumene timakufuna kumabwera shuga ndi mapuloteni a m'chakudya zikaphatikizana pa moto, monga anafotokozera katswiri wa ku France Louis-Camille Maillard mu 1912, ndipo kumafulumira kutentha kukapitirira madigiri a Celsius pafupifupi 140. Pamalo ponyowa kutentha kumaima pa madigiri 100 mpaka madziwo atatha. Choncho ntchito yonse ili pa zinthu ziwiri, kuchepetsa madzi pena paliponse pamene mungathe, ndiponso kuonetsetsa kuti mafuta, ngakhale ndi ochepa, afika pa nyenyeswa iliyonse ya chokutira.

Yambani ndi anyezi woyenera. Mukafika pa msika wa Kapata kapena ku Saturday Market, musathamangire mulu wa tianyezi ting'onoting'ono timene timakwanira bwino mu ndiwo za masamba, chifukwa sititulutsa mphete zogwirika. Funani anyezi wamkulu wodzaza m'dzanja, wolemera, wolimba mukamukanikiza ndi chala pafupi ndi khosi, amene makoko ake auma mpaka kumachita phokoso. Anyezi amene wayamba kuphuka musiyeni, pakuti m'kati mwake mumakhala mofewa. Woyera kapena wofiirira pang'ono ndiye amatsekemera bwino akapsa. Wofiira uja amathekanso, koma nthawi zambiri amakhala wocheperapo ndipo kuyabwa kwake kumamvekabe. Nyengo yabwino ya chakudyachi ndi miyezi yotentha mvula isanagwe, pamene anyezi wa m'madimba wakololedwa, wauma bwino ndipo mtengo wake watsika.

Pa anthu anayi mufunika anyezi awiri akuluakulu, theka la kapu ya ufa wa tirigu, masupuni awiri a ufa wa chinangwa wosefa bwino kapena cornflour, mazira awiri, masupuni atatu a mkaka, makapu awiri a nyenyeswa za buledi, masupuni awiri kapena atatu a saladi (mafuta ophikira), supuni yaing'ono ya mchere, ndi tsabola wogaya kapena paprika monga mukondera. Mafuta a mpendadzuwa, amene alimi a m'chigawo chino cha Kum'mawa amalima kwambiri, ndi abwino pa ntchitoyi chifukwa alibe fungo lolimbana ndi la anyezi.

Nyenyeswa za buledi ndizo mwini nkhani, ndipo apa ndi pamene ndikupemphani kuti musafulumire. M'masitolo ena akuluakulu mumapezeka panko, nyenyeswa za ku Japan zimene ndi zazikulu, zopepuka ndi zosongoka, ndipo zimakukutika kuposa zonse chifukwa pakati pake pamadutsa mpweya. Koma simufunika kuyendayenda m'tauni kufuna panko, popeza buledi wogona masiku awiri amachita zofanana mukamukonza bwino. Chotsani makoko ake, munyemenyeme ndi manja, ndipo muumitse mu air fryer momwemo pa madigiri 120 kwa mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kapena pa chiwaya pa moto wozizira, kufikira atauma gwa koma asanasinthe mtundu. Kenako muikeni m'thumba la pulasitiki n'kumupera pogubuduza botolo pamwamba pake. Samalani kuti asasanduke fumbi. Nyenyeswa zoyenera ndi zofanana ndi njere za mpunga zosweka, ndipo mukasefa n'kuchotsa fumbi losalala lija mudzaona kusiyana kwake pakudya. Ena amaphwanya cornflakes n'kusakaniza theka ndi theka ndi buledi, ndipo zimatuluka zokoma. Ufa wa chimanga wa mgaiwa nawonso umathandiza mukathiramo masupuni awiri okha, koma ine sindingakulangizeni kuti muugwiritse ntchito paokha, chifukwa mu mpweya wotentha umauma n'kulimba m'malo mokukutika, ndipo m'mano umamveka mchenga.

Nyenyeswazo zikakonzeka, thiranimo saladi uja n'kufikisa ndi zala mpaka zonse zitaoneka zonyezimira pang'ono, osatsala malo oyera. Mabuku ambiri a zophikaphika amanena za kupopera mafuta pamwamba pa mphete zili kale m'basiketi, ndipo njirayo imagwira ntchito kwa amene ali ndi kabotolo kopopera. Koma kufikisira mafuta m'nyenyeswa n'kodalirika kwambiri, chifukwa kumafikitsa mafuta m'kati mwa mphete ndi kunsi kwake kumene kupopera sikufika. Komanso mafuta ogulitsidwa m'zitini zopopera amasiya utomoni umene pakapita nthawi umaononga khungu losamata la basiketi.

Tsopano dulani anyezi. Chotsani mutu ndi mizu, sendani, ndipo mugoneke cham'mbali kuti mumudule mopingasa, chigawo chilichonse kunenepa kwake sentimita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Zopyapyala kwambiri zimapserera chokutira chisanafiire, pamene zonenepa kwambiri zimatsala zaziwisi m'kati. Ngati anyezi akugubuduka pa thabwa, dulaniko kachidutswa mbali imodzi kuti akhazikike, mpeni ungakutemeni chala. Kankhani zigawozo ndi chala chachikulu kuti mphete zilekane, ndipo timphete tating'ono ta pakati tisungeni tikalowe mu ndiwo za madzulo. Mukayang'anitsitsa m'kati mwa mphete iliyonse mudzaona kakhungu kopyapyala, koonekera mbali ina, kamene kamasendeka mukakatsina ndi chikhadabo. Kakhunguka ndiko kamachititsa kuti munthu akaluma, anyezi yense asololoke n'kusiya chokutira chili chopanda kanthu m'dzanja, chifukwa kakatenthedwa kamaterera. Kuchotsa kakhunguka n'kotopetsa, koma phindu lake limamveka pa kuluma koyamba.

Viikani mphetezo m'madzi ozizira kwambiri kwa mphindi 20 kapena 30. Madziwo amatsuka zina mwa zinthu za salufa zimene zimayabwa m'maso ndi pa lilime, ndiponso amafewetsa kakhungu kaja ngati kanakuvutani poyamba. Amene ali ndi mkaka wosasa angaviike mmenemo m'malo mwa madzi, ndipo kukoma kwake kumaonjezereka. Mukavuula, yalani mphete pa nsalu yoyera n'kuzipukuta mpaka zitauma ndithu. Musalumphe zimenezi ngakhale alendo ali kale pakhomo, pakuti dontho lililonse limene latsala lidzasanduka nthunzi pansi pa chokutira.

Konzani mbale zitatu. M'mbale yoyamba sakanizani ufa wa tirigu, ufa wa chinangwa, theka la mchere ndi tsabola. M'mbale yachiwiri menyani mazira pamodzi ndi mkaka kufikira zoyera ndi zachikasu zitasungunukirana, ndipo muthiremo supuni imodzi ya ufa wa m'mbale yoyamba kuti dzira likhuthaleko n'kumata bwino. M'mbale yachitatu muli nyenyeswa zamafuta zija. Mphete iliyonse iyambe yagubuduzika mu ufa, muisase kuti ufa wosafunika ugwe, ilowe m'dzira, idonthe pang'ono, kenako igone m'nyenyeswa ndipo muitsindire ndi chikhatho kunja ndi m'kati momwe. Ufa umagwira pa anyezi, dzira limagwira pa ufa, nyenyeswa zimagwira pa dzira, ndipo mukadumpha chimodzi chokutira chimakokoloka. Dzanja limodzi likhale la zouma, lina la dzira lokha, apo ayi zala zanu zidzavala chokutira chochuluka kuposa anyezi. N'kwanzerunso kuthira nyenyeswa m'mbale pang'onopang'ono, chifukwa zikadonthedwa ndi dzira zimaumbika timibulu ndipo sizimatanso.

Mphete zokutidwazo ziyaleni pa thireyi n'kuziika m'firiji kwa mphindi 15. Nthawi imeneyi ufa umamwa dzira ndipo chokutira chimagwirana, moti fani ikayamba kuomba nyenyeswa sizimauluka.

Yatsani air fryer ili yopanda kanthu pa madigiri 190 kwa mphindi zitatu kuti itenthe. Musaikemo pepala lophikira pa nthawi imeneyi, chifukwa popanda chakudya cholitsindira mpweya umalinyamula n'kulifikitsa pa chitsulo chotentha, ndipo likhoza kuyaka. Yalani mphete m'basiketi mosasanjikiza, pakati pake pakhale mpata woti chala chilowe. Yaing'ono ingathe kukhala m'kati mwa yaikulu bola zisakhudzane. Apa mtima umafuna kudzaza basiketi kuti ntchito ithe msanga, koma mphete zopanikizana zimafukizirana nthunzi n'kuphikana m'malo mokazingika, ndiye kuli bwino kuphika kawiri kapena katatu. Zisiyeni kwa mphindi zisanu, tsegulani, ndipo mutembenuze imodziimodzi ndi chopanira chosakanda basiketi. Musagwedeze basiketi monga muchitira ndi chipisi, pakuti pa nthawiyi chokutira chikadali chanthete. Mukaona pena poyera pouma, padonthezereni mafuta pang'ono. Bwezerani kwa mphindi zina zinayi kapena zisanu. Nthawi yonse imakhala pakati pa mphindi 8 ndi 12, malinga ndi kukula kwa makina anu ndi kunenepa kwa mphete, choncho maso anu ndiwo aweruze: mphete yapsa pamene yafiira mofanana mbali zonse, ndipo mukaigogoda ndi chikhadabo imamveka yolimba ndi yopepuka. Ulendo wachiwiri umapsa msanga kuposa woyamba chifukwa makinawo atentha kale, ndiye chepetsani mphindi imodzi. Ngati kunja kukuda m'kati mukadali mwauwisi, tsitsani moto kufika pa madigiri 180 n'kuonjezera nthawi.

Nkhani ya magetsi sitingaisiye. Ma air fryer ambiri a panyumba amakoka mphamvu pakati pa mawati 1,200 ndi 1,800, kutanthauza kuti ya mawati 1,500 ikayaka mphindi 10 imadya kota ya yuniti, ndipo mphete za banja lonse kawirikawiri sizimaliza yuniti imodzi. Komabe pa nthawi imene ikuyaka imakoka zambiri, choncho ilumikizeni pa soketi ya pakhoma, osati pa chingwe chopyapyala cha ekisitenshoni chimene chanyamula kale ketulo ndi firiji. Makina ena ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira imene simalowa m'masoketi athu, ndipo adaputala yotchipa imatentha mpaka kusungunuka. N'kwabwino kupeza wodziwa za magetsi kuti aikepo pulagi yoyenera ya 13 amp. Kumbuyo kwa makina kusiyidwe mpata kuti mpweya wotentha uzituluka. Chiyambire chilala cha 2024, pamene madzi anatsika kwambiri m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku, mabanja ena ali ndi ma inverter a sola, koma ang'onoang'ono ogulira nyale ndi wailesi yakanema sangapirire air fryer. Ubwino wa chokutira chouma ndi wakuti chimadikira. Mungathe kukuta mphete m'mawa, kuziumitsa m'firiza zili zoyalidwa pa thireyi, n'kudzaziphika magetsi akabwera osazisungunula, mongoonjezera mphindi ziwiri kapena zitatu. Akakana kubwera, mphete zomwezo zimakazingika bwino m'chiwaya cha mafuta pang'ono pa mbaula.

Zikangotuluka, waziranipo mchere wotsala uja zikadali zotentha kuti ugwire, ndipo muziike pa waya wa mu uvuni kapena pa chilichonse chimene chimalola mpweya kudutsa kunsi. Musaziunjike m'mbale yakuya ndipo musazivundikire, ngakhale kuti kwathu kuno chakudya cha mlendo timachivundikira posonyeza ulemu, chifukwa nthunzi yotsekeredwa imafafaniza ntchito yonse m'mphindi zochepa. Zimayenerana ndi nkhuku yootcha kapena nsomba, ndiponso zimakoma pazokha ndi tiyi wa madzulo. Pa chosunsira, sakanizani masupuni atatu a mayonesi, supuni imodzi ya tomato sosi, madontho angapo a ndimu ndi tsabola pang'ono, kapena dulani matimati akupsa bwino n'kuwathira mchere ndi ndimu kuti kuwawasa kwake kuchepetse mafuta m'kamwa. Zotsala zisungeni m'firiji osapitirira masiku awiri, ndipo pofuna kudya muzibwezere mu air fryer pa madigiri 180 kwa mphindi zitatu, osati mu microwave imene imazilobodola. Basiketi ikazizira itsukeni ndi madzi ofunda, sopo ndi siponji yofewa, ndipo mukhuthule nyenyeswa zonse zimene zagwera pansi pake, chifukwa zikatsalira zimapserera ulendo wotsatira n'kudzaza khitchini ndi utsi.