Momwe mungavekere mbalame mphete m'nyengo yachisanu

Ku Britain, ntchito yoveka mbalame timphete ta nambala idayamba mu 1909, ndipo masiku ano ikuyang'aniridwa ndi bungwe la British Trust for Ornithology, lomwe silipereka chilolezo kwa munthu amene sanaphunzire kwa katswiri. Choncho yambani mwapeza mphunzitsi, za ukonde zibwere pambuyo.

Pa siteshoni ya kafukufuku, m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, yomwe ndi yachisanu ku Britain, ukonde umatcheredwa kusanache. Ndi ukonde wa ulusi wopyapyala ngati tsitsi, womangidwa pa mapolo awiri m'mbali mwa zitsamba momwe mbalame zimadutsa. Kukayamba mvula kapena mphepo yamphamvu, upindeni osanyinyirika. Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa kambalame monga goldcrest, kolemera magalamu 5 kapena 6 okha, kamatha usiku wonse kakulimbana ndi kuzizira, ndipo kakakhalitsa muukonde m'mawa katha kufa musanakalembe n'komwe. Yenderani ukondewo pafupipafupi, mphindi 30 zisathe.

Powonjola mbalame muukonde, onani kaye mbali yomwe idalowera, kenaka masulani miyendo, mapiko ndi mutu, ndipo muiike m'kathumba ka nsalu. Poigwira, khosi lake likhale pakati pa chala chamkombaphala ndi chapakati, osafinya chifuwa. Sankhani mphete yoyenera mtundu wake ndi kuitseka pamwendo ndi pulayasi, koma izitha kuzungulira. Yezani phiko ndi rula m'mamilimita, uzirani nthenga zapakhosi ndi zapamimba kuti muone mafuta achikasu omwe yasunga pansi pa khungu, kenaka muilowetse chamutu m'kachitini ndi kuiyeza pasikelo. Kuona mbalame ili chadodolido m'chitini n'koseketsa, koma mumdimamo imangoti phee. Lembani nambala, mtundu, msinkhu ndi nthawi, ndipo muitaye msanga kuti ikadye dzuwa lisanalowe.

Mbalame zina zimathawa chisanucho n'kubwera kuno kum'mwera kwa Africa. Namzeze wina yemwe adavekedwa mphete ku Staffordshire, ku England, mu 1911 adapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Mukatola mbalame yakufa ili ndi mphete, lembani nambala yonse, tsiku ndi malo, ndipo mutumize ku SAFRING ya ku University of Cape Town, yomwe imasunga kaundula wa mphete za chigawo chino.